Mtolankhani wa atolankhani: mmene mungayambire ntchito ya Brian Stelter

Mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira utolankhani ku Blantyre, ananditumizira uthenga wa mawu mwezi wathawu. "Malume, kodi n'zoona kuti kumeneko kuli anthu amene ntchito yawo ndi kungoonera TV n'kumalemba za anzawo owerenga nkhani? Ndiye amalipidwa?" Ndinati inde alipo, ndipo mmodzi anakulira kufupi ndi kumene ndimagwira ntchito. Anati ndimulongosolere mmene munthu amayambira. Yankho linatalika mpaka foni kutentha, ndiye ndaganiza zolilemba bwinobwino kuti ena amene ali ndi funso lomweli apezepo chawo.

Kumudzi ndinagwirapo ntchito ya utolankhani zaka 6. Pano ndili ku Maryland, m'dziko la America, ndimasamalira agogo ena aamuna kunyumba kwawo, masiku 4 pa sabata, usiku wokhawokha. Agogowa sazimitsa TV. Rimoti amagona nayo m'manja, ndipo ukayesa kuisolola amatsegula diso limodzi n'kukuyang'ana ngati wakuba nkhuku. Motero ndaonera CNN, Fox News ndi MSNBC maola ochuluka kuposa mmene munthu wamoyo wabwino ayenera kuonera. Chizolowezi chakale chinandipeza pampando womwewo, ndinayamba kulemba zimene ndikuona.

Munthu amene ndikunenayu ndi Brian Stelter. Anabadwa mu 1985 ndipo kwawo ndi ku Damascus, katauni kakang'ono ka ku Montgomery County kamene ndimadutsamo ndikatsata msewu wa 27. Mu January 2004, ali ndi zaka 18, m'chaka choyamba pa Towson University kufupi ndi Baltimore, anatsegula blog, tsamba la pa intaneti lolembapo yekha, yotchedwa CableNewser. Sanaikepo dzina lake. Ankadziwa kuti mabwana a mawailesi akanema ku New York sangamvere mwana wogona m'hostelo. Ankangolemba: pulogalamu yakuti yachita zakuti, woulutsa nkhani wakuti akuchoka, oonera dzulo analipo angapo. Chaka chisanathe kampani ya Mediabistro inamutenga, blog ija inasintha dzina kukhala TVNewser, ndipo mnyamatayo anayamba kulandira kangachepe akadali pasukulu. Mu November 2006 nyuzipepala ya New York Times inalemba za iye patsamba loyamba. Mu 2007, atangomaliza maphunziro, nyuzipepala yomweyo inamulemba ntchito.

Anthu akamva mbiriyi amathamangira kunena kuti anali ndi mwayi. Mwayi unalipo, sindikana, chifukwa nthawi imeneyo olemba za masiteshoni amenewa tsiku ndi tsiku anali ochepa kwambiri. Koma zimene ankachitazo munthu atha kuziphunzira.

Limani kadimba kamene mungathe kuthirira

Stelter sanayambe ndi "nkhani za TV" zonse. Anayamba ndi masiteshoni atatu oulutsa nkhani usana ndi usiku: CNN imene Ted Turner anaiyambitsa mu 1980, ndi MSNBC ndi Fox News zimene zonse zinabadwa mu 1996. Inu chepetsani kuposa pamenepo. Tengani mapulogalamu awiri oulutsidwa ola limodzi pa masiteshoni opikisana, muziwaonera tsiku lililonse kwa mwezi wathunthu musanalembe chilichonse choti anthu awerenge.

Kuonera kwake si kwa pampando wa ndalema ndi kapu ya tiyi. Kope langa ndi lija la ana asukulu, lachikuto chakuda chamawangamawanga, logula pa dola imodzi. Tsamba lililonse ndimalidula mizere inayi. Mzere woyamba ndi nthawi, ola ndi mphindi. Wachiwiri ndi nkhani. Wachitatu ndi amene alankhula, komanso ngati ndi mtolankhani amene ali pamalo a nkhaniyo kapena mlendo wongopereka maganizo mu situdiyo. Wachinayi ndi mawu olembedwa m'munsi mwa sikirini, amene anthu a ntchitoyi amati chyron. Mzere wachinayiwu musaupeputse. M'malo odikirira dokotala, m'mabala, m'mabwalo a ndege, TV imakhala yopanda mawu, ndipo anthu amangowerenga za m'munsizo. Nthawi zambiri maganizo enieni a siteshoni amabisala pamenepo, woulutsa nkhani akulankhula zaulemu pamwamba.

Usiku wina ndinapeza kuti siteshoni ina yapereka mphindi 14 ku nkhani imene inzake inaipatsa masekondi 40 okha, kumapeto kwenikweni, nthawi ya otsatsa malonda itayandikira. Palibe amene ananama pa awiriwo. Koma munthu woonera kumodzi kokha anakagona ali m'dziko losiyana ndi la mnzake wa khomo loyandikana nalo. Mukadzalemba kuti "siteshoni yakuti imakondera," aliyense adzakutsutsani. Mukadzalemba kuti mphindi 14 kwina, masekondi 40 kwina, wotsutsa ayenera kukatenga wotchi yake.

Amene muli kumudzi, samalani ziwiri. CNN imene mumaona pa DStv ndi CNN International, ndipo si mapulogalamu onse a CNN ya ku America amene amafika kumeneko. Chachiwiri ndi nthawi. Mapulogalamu amene amaoneredwa kwambiri amayamba 8 koloko usiku ku New York, imene kwa inu ndi 2 koloko m'bandakucha kuyambira March mpaka kumayambiriro kwa November, ndi 3 koloko miyezi yotsalayo. Musadziphe ndi tulo. CNN imaika pa intaneti mawu olankhulidwa m'mapulogalamu ake ambiri, aulere. Internet Archive ili ndi nkhokwe ya nkhani za pa TV kuchokera mu 2009, ndipo mukalemba mawu amene mukufuna imakuonetsani pulogalamu ndi mphindi imene ananenedwa. Bandulo yochepa ikwanira kuwerenga, ngakhale isakwanire kuonera.

Nkhokwe zoterezi n'zimene zimagwira anthu akuluakulu. Mu February 2015 nyuzipepala ya asilikali, Stars and Stripes, inafunsa asilikali amene analipo za nkhani imene ankakamba Brian Williams, woulutsa nkhani wa NBC, yoti helikopita imene anakwera ku Iraq mu 2003 inaomberedwa. Sizinali choncho. Atolankhani atasanja matepi akale chaka ndi chaka, zinaoneka poyera mmene nkhaniyo inkanenepera pokamba. NBC inamuimitsa ntchito miyezi 6 popanda malipiro.

Mwezi ukatha, yambani kulemba, ndipo musalumphe tsiku. Stelter ankalemba kambirimbiri patsiku, pakati pa makalasi, usiku, Loweruka ndi Lamlungu. David Carr, mkulu amene ankalemba za atolankhani ku New York Times, ananenapo moseka mu filimu ina ya mu 2011 kuti mnyamatayu ndi loboti imene inapangidwa kuti imuthe iye ntchito. Nkhani zazifupi, ziganizo zinayi kapena zisanu, koma zoona komanso za lero.

Dziwani kuwerenga manambala

Pano ndi pamene ambiri a ife, amene tinathawira ku utolankhani poopa masamu, timagwa chagada. TV ya ku America imayendera manambala a kampani ya Nielsen, imene imayeza chiwerengero cha oonera pogwiritsa ntchito makina oikidwa m'nyumba zosankhidwa, kuphatikiza ndi njira zina zimene yawonjezera posachedwapa. Manambala a pulogalamu ya usiku amatuluka tsiku lotsatira, ndipo aliyense pa siteshoni, kuyambira bwana wamkulu mpaka woitana alendo, amawadikira ngati zotsatira za mayeso.

Pali manambala awiri amene muyenera kuwasiyanitsa. Loyamba ndi la oonera onse. Lachiwiri ndi la oonera azaka 25 mpaka 54, amene anthu a ntchitoyi amangoti demo. Otsatsa malonda pa mapulogalamu a nkhani amalipirira kwambiri gulu lachiwirili. Agogo anga aja, ngakhale amaonera maola 12 patsiku, mu demo mulibe. Ndinawauza tsiku lina, anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti ndiye chifukwa chake zotsatsa zimene amaona ndi za mankhwala okhaokha. Palinso kusiyana kwa rating ndi share. Rating ndi gawo la nyumba zonse zimene zili ndi TV, pomwe share ndi gawo la nyumba zimene TV inali yoyatsa panthawiyo.

N'chifukwa chiyani muyenera kuvutika nazo? Chifukwa mwezi uliwonse ukatha aneneri a masiteshoni onse amatulutsa zikalata, ndipo aliyense amati wapambana. Wina wapambana pa oonera onse, wina mu demo, wina wakula kwambiri poyerekeza ndi mwezi watha umene unali woipa. Onse akunena zoona, aliyense wangosankha mbali ya nsima imene sinapserere. Inu yerekezani ndi mwezi womwewo chaka chatha, ndipo funsani ngati panali chisankho, nkhondo kapena mlandu waukulu umene unakokera anthu ku TV. Mukangokopera chikalata cha mneneri, mwasanduka wantchito wake wosalipidwa.

Manambala amafotokoza zimene mabwana safotokoza. Pulogalamu ya m'mawa ya NBC, Today, inatsogola masabata 852 motsatizana, zaka zoposa 16. Mu April 2012 Good Morning America ya ABC inaidutsa. Mu June chaka chomwecho Ann Curry, mmodzi wa oulutsa pulogalamuyo, anatsanzikana ndi oonera a Today akugwetsa misozi pamaso pa dziko lonse, atachotsedwa pampando umene anakhalapo chaka chimodzi chokha. Oonera ambiri anakwiya ndi mmene anamuchitira, ndipo Today inapitiriza kutsalira. Amene ankatsata manambala sabata ndi sabata anaona mitambo mvula isanagwe. Stelter analemba buku lake loyamba, Top of the Morning, pa nkhondo imeneyi mu 2013, ndipo linadzathandiza popanga sewero la The Morning Show pa Apple TV+.

Ndalama zimalowanso khomo lina, limene oyamba kumene saliona. Makampani amene amafikitsa matchanelo m'nyumba za anthu amalipira siteshoni iliyonse mwezi ndi mwezi pa kasitomala aliyense, kaya kasitomalayo amaonera siteshoniyo kapena ayi. Kwa masiteshoni ngati Fox News ndi CNN, ndalama zimenezi ndi gawo lalikulu la zimene amapeza. Tsopano mabanja ambiri akusiya kulipira makampani amenewa n'kumaonera pa intaneti, ndiye mukamva kuti antchito achotsedwa kapena makampani awiri aphatikizana, yang'anani kumeneko musanayang'ane ku ndale.

Okutsinani khutu

TVNewser inali ndi kabokosi kamene aliyense ankatha kulembamo uthenga osatchula dzina. Anthu a m'kati mwa masiteshoni ankalembamo: okonza mapulogalamu, ojambula, oitana alendo, ngakhale mabwana ofuna kupweteka anzawo. Inunso tsegulani khomo lotere, imelo kapena nambala ya Signal (pulogalamu ya pafoni yotumizirana mauthenga mwachinsinsi), n'kuliika poonekera. Poyamba lidzakhala zii. Anthu amayamba kulankhula akaona kuti mumaonera ntchito yawo mosamala, mumatchula bwino maina, ndipo mukalakwitsa mumakonza poyera.

Makolo anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mu ntchito iyi mwambiwu umafuna mchere pang'ono. Wokutsinani khutu aliyense ali ndi chimene akufuna. Wina akufuna mpando wa mnzake. Wina ndi wokambirana za kontirakiti m'malo mwa woulutsa nkhani, ndipo akufuna mulembe kuti siteshoni ina ikumunyengerera munthu wakeyo kuti malipiro akwere. Mverani onse, koma dzifunseni kuti nkhaniyi ikatuluka adye ndani.

Ndikunena izi chifukwa ndinapsapo. Ndili kumudzi, mnzanga wina wogwira ntchito pa wailesi ina anandiimbira madzulo kuti muulutsi wotchuka wachotsedwa ntchito. Pulogalamu yake sinamveke sabata imeneyo, ndiye zinkaoneka zogwirizana. Ndinaimbira bwana wa wailesiyo kamodzi, foni sinayankhidwe, nthawi yotseka tsamba inakwana, ndinalemba. Munthuyo anali kuchipatala, akudwazika mayi ake. Lolemba anabwerera pa maikolofoni. Ndinakapepesa pamaso, ndipo sanandikalipire, anangondifunsa kuti, "Achimwene, nambala yanga munalibe?" Ndinali nayo. Patapita nthawi ndinamva kuti mnzanga uja ankafuna pulogalamu yomweyo.

Ndiye lamulo langa ndi ili: anthu awiri osadziwana pa nkhaniyo, kapena chikalata chimene ndachiona ndi maso anga. Kenako imbirani mwini nkhani, imbiraninso mneneri wa siteshoni, muwauze zimene mukufuna kulemba ndi nthawi imene mutulutse. Akakana kuyankha, lembani kuti akana. Mneneri akakuuzani kuti "izi musalembe kuti ndanena ine," gwirizanani poyamba, asanalankhule, kuti mawuwo muwagwiritsa ntchito bwanji.

Ndipo phunzirani kukonda mapepala a kukhoti, ngakhale ndi otopetsa. Kampani ya makina ovotera, Dominion, inasumira Fox News ku Delaware mu 2021 chifukwa cha mabodza amene anaulutsidwa onena za chisankho cha 2020. Kumayambiriro kwa 2023 mauthenga a pafoni ndi maimelo a oulutsa nkhani ndi mabwana a Fox anatuluka m'mapepala a mlanduwo. Anaonetsa kuti ambiri mwa iwo sankakhulupirira zoti mavoti anabedwa, koma ankaopa kuti oonera, amene anakwiya Fox italengeza msanga kuti Joe Biden wapambana ku Arizona, athawira ku Newsmax, siteshoni ina yopikisana nayo. Pa 18 April 2023 Fox inavomera kulipira madola 787.5 miliyoni kuti mlandu uthe, ndipo pa 24 April Tucker Carlson, muulutsi wake wotchuka, anachotsedwa. Mapepala amenewo aliyense akanatha kuwawerenga, inu ndi ine tomwe. Stelter anawawerenga n'kutulutsamo buku lathunthu chaka chomwecho. Palibe wokutsinani khutu amene angakupatseni zoposa zimene anthu analemba okha akuganiza kuti palibe adzaone.

Akakuitanani kudzadya nawo

Apa ndi pamene ndimalekana maganizo ndi anthu amene amangomutamanda Stelter. Kumapeto kwa 2013 CNN inamulemba ntchito, ali ndi zaka 28, kuti aziyendetsa Reliable Sources, pulogalamu ya Lamlungu 11 koloko m'mawa younika ntchito ya atolankhani, m'malo mwa Howard Kurtz amene anapita ku Fox News. Mnyamata amene ankayang'ana masiteshoni atatu ali panja tsopano ankalandira malipiro kwa imodzi mwa iwo. M'zaka za Donald Trump nthawi yake yambiri inapita ku Fox News, ndipo mu 2020 analemba buku la ubale wa Trump ndi siteshoniyo. Zambiri zimene ananena zinadzatsimikizika m'mapepala a Dominion aja. Koma aliyense wa ku Fox anali ndi yankho lokonzeka kale: uyu ndi wa CNN, akunyoza opikisana nawo.

Ndipo nyumba yake itayamba kudontha, zinavuta. Mu 2021 zinadziwika kuti Chris Cuomo wa CNN ankalangiza mkulu wake, Andrew Cuomo, bwanamkubwa wa New York, pa madandaulo a amayi amene ankamuneneza za nkhanza zokhudza kugonana. Stelter anaikamba nkhaniyi pa pulogalamu yake, koma ambiri, ine ndemwe, tinaona kuti ndodo yake inali yofewa kuposa imene akanagwiritsa ntchito kukanakhala kwina. CNN inamuchotsa Chris Cuomo mu December chaka chomwecho. Palinso za Michael Avenatti, loya amene mu 2018 ankaoneka pa CNN ndi MSNBC mosalekeza. Stelter anamuuza pa pulogalamu kuti akumuwerengera ngati munthu amene angapikisane nawo pa upulezidenti chifukwa cha mmene ankaonekera pa TV. Mu 2020 khoti linamupeza Avenatti wolakwa pa mlandu wofuna kulanda ndalama kampani ya Nike moopseza. Ukakhala m'situdiyo nthawi yaitali umayamba kuganiza kuti amene wadzaza sikirini wadzazanso dziko.

Kodi ndiye mukane ntchito yotere ikabwera? Ine wosamalira agogo usiku sindingauze munthu kuti akane malipiro. Koma mukavomera, nenani poyera nthawi iliyonse imene mukulemba za amene amakulipirani. Aimbireni aneneri anu omwe ngati mmene mungaimbire a kwina. Ndipo kope lija musalisiye, muzilembamo mphindi za siteshoni yanu mofanana ndi za ena, chifukwa wotchi sidziwa bwana.

Dziwaninso kuti mpandowo ndi wobwereka. Jeff Zucker, bwana amene anamubweretsa Stelter ku CNN, anatula pansi udindo mu February 2022. Mu April kampani imene CNN ili pansi pake inaphatikizana ndi kampani ya Discovery, ndipo CNN+, njira yolipira yoonerera pa intaneti imene inatsegulidwa kumapeto kwa March, inatsekedwa itangotha mwezi umodzi. Bwana watsopano, Chris Licht, anathetsa Reliable Sources, pulogalamu imene inakhalapo zaka pafupifupi 30. Yomaliza inaulutsidwa pa 21 August 2022. Ndinaionera ndi agogo aja chifukwa ndinali nditachedwa kuweruka. Iwo sankamukonda Stelter, ankati amalankhula ngati mwana wa kwaya wodziwa nyimbo zonse, koma tsiku limenelo sanasinthe tchanelo.

Stelter anapita ku Shorenstein Center ya ku yunivesite ya Harvard, analembera magazini ya Vanity Fair, anamaliza buku lija la mapepala a Dominion. Licht naye anachoka mu June 2023. Mu September 2024 CNN, pansi pa bwana wina watsopano, Mark Thompson, inamuitananso Stelter kuti akhale mkulu wounika za atolankhani ndi kulemba kalata ya Reliable Sources imene imatumizidwa pa imelo. Malowo anatseguka chifukwa Oliver Darcy, amene ankalemba kalatayo, anachoka kukayambitsa yakeyake yotchedwa Status, imene owerenga amalipira okha.

Pamenepo ndiye pali yankho la funso lachiwiri la mwana wa mlongo wanga, loti amalipidwa. Makomo ndi atatu: nyuzipepala kapena tsamba lolemba za ntchito ya TV, siteshoni yeniyeniyo, kapena owerenga olipira kalata yanu mwezi ndi mwezi. Lachitatuli ndi la ufulu wochuluka, koma limafuna kuti anthu a m'kati mwa ntchitoyo azimva kuti akaphonya kalata yanu m'mawa afika kumsonkhano ali mbuli. Darcy anafika pamenepo atalemba za atolankhani ku CNN zaka 7.

Mnyamata uja ndinamupatsa ntchito ya masiku 30. Asankhe mapulogalamu awiri, adule mizere inayi, ndipo Lamlungu lililonse anditumizire zithunzi za masamba ake. Sabata yoyamba anatumiza masiku onse 7, koma mzere wa chyron unali wopanda kanthu, ati mawu ankasintha mofulumira. Ndinamuuza kuti aziimitsa kanemayo n'kukopera liwu ndi liwu. Sabata yachiwiri anatumiza masiku 5 ndi madandaulo a magetsi. Dzulo usiku, agogo atagona rimoti ili pachifuwa, foni inanjenjemera m'thumba la yunifolomu. "Malume, mlendo uyu waoneka masiku 4 motsatizana, ndipo tsiku lililonse amulemba udindo wosiyana m'munsimu. Ndifunse ndani?" Ndinamutumizira imelo ya ofesi ya aneneri a siteshoniyo, n'kumuuza kuti alembe funso limodzi lokha, atchule masiku ndi mphindi zake, ndipo awapatse mpaka Lachitatu.